Kagalu ndi Thumba la Atsibweni

Amuna anga atanyamuka kupita ku migodi ya ku Joni, anandisiyira mwana wamkazi wongoyamba kukwawa, munda wa fodya wa chikopa wongowokedwa kumene, ndi galu wawo wamkazi ali ndi bere. Nditawaperekeza mpaka pamphambano pamene ankakwerera lole, mawu awo otsiriza sanali a mwana kapena a munda ayi. Anati, "Galu wanga uja mumusamale. Akaswa, kamodzi mundisungire."

"Kodi mwana wanuyu simukumuona?" ndinawafunsa, uku ndikutembenuka kuti amuone bwino kumsanaku.

Anaseka. "Uyu ali ndi amake, agogo ake ndi mudzi wonse. Galu alibe womulankhulira."

Ndinabwerera kunyumba ndikung'ung'udza njira yonse. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndipo masiku amenewo pankathamanga kuposa lero. Koma mawu awowo ndinawasunga.

Tinkakhala kwathu kwa Dzoole, pamudzi wa amayi anga, poti amuna angawo anabwera chikamwini. Kukacha bwino, ukaima pachulu cha kuseri kwa nyumba yathu, umaona phiri la Ntchisi kutali. Kumtunda kwa nyumba yanga kunali ya amayi, kumunsi ya atsibweni, alongo awo a amayi. Iwo anatenga akazi awo chitengwa, anali ndi khola la ng'ombe zingapo, ndipo ndiwo ankatiyang'anira tonse.

Galu uja anaswa ana anayi kuseri kwa nkhokwe. Atatu anapita kwa anthu amene anali atapempha kale. Ine ndinasunga kofiirira, kakamuna, ka mapazi oyera ngati kaponda mu ufa. Kasanasiye n'komwe kuyamwa, fisi anatitengera make. Tinangodzuka m'mawa wina n'kupeza magazi ndi mapazi olowera kudambo. Kagaluko kanalira masiku awiri, kenaka kanazolowera phala. Kankadya mpaka kamimba kutsala pang'ono kukhudza pansi, n'kumandikoka chitenje ndi timano take ndikamasesa. Ndinkakakalipira tsiku lonse, koma kakangosowa pang'ono, woyamba kukafunafuna ndinali ine ndemwe.

Vuto linali utitiri. Make atapita, utitiri wonse wa kuseri kwa nkhokwe unasamukira pa iko. Ukakagadamiza, mimba yonse ili bii. Kankadzikanda mpaka kugwa chagada.

Mankhwala ake ndinkawadziwa, nanga ndani kwathu sankawadziwa? Timatola zinyenyeswa za fodya wouma wa chaka chatha, zija zotsalira pansi m'chigafa choumitsiramo fodya, n'kuziviika m'chidebe mpaka madzi atada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndi madzi amenewo amuna anga ankasambitsa mbuzi ndi galu wamkulu uja, nsabwe ndi nkhupakupa n'kumangoyoyoka. Ine ndinati ndichite zoposa pamenepo. Ndinathira zinyenyeswa zodzaza manja awiri, ndipo Loweruka lina m'mawa ndinakamiza kagaluko mpaka m'khosi, n'kukatikita bwinobwino. Sindinakatsukuluze, kuti mankhwala agwire. Kanakhala padzuwa n'kumadzinyambita.

Madzulo ake kanakana phala. Ndinati mwina kakhuta. Koma Lamulungu m'mawa ndinakapeza kali kwala pakhonde, katasanza, dovu lili chuchuchu, timiyendo tikunjenjemera. Nditakweza khutu lake, ndinaona utitiri wina ukuyendabe. "Ndi inu mukukamaliza magazi!" ndinatero, n'kukasambitsanso ndisanapite ku tchalitchi.

Pobwera kumeneko ndinayamba kuyesa zakudya. Ndinaphika phala la mgaiwa lamadzimadzi, kanangolinunkhiza. Ndinathiramo nsinjiro, kanatembenuzira mutu kukhoma. Ndinalowa m'khola la nkhuku n'kutulutsa dzira, ndipo amayi anandipeza ndikuliswera m'phale.

"Dzira?" anakuwa. "Galu adye dzira, ife anthu tikudyera nkhwani? Iwe mwana, mutu uli bwino?"

"Nkhuku ndi yanga, amayi."

"Inde ndi yako, koma manyazi ndi anga."

Dziralo silinadyedwe. Ntchentche ndizo zinachita nalo mwayi.

Lolemba ndinakasambitsanso, n'kunyamuka wa kumsika, khadi la chipani nditalimangirira pansonga ya chitenje, poti popanda ilo anyamata apachipata sakanakulola kulowa ngakhale ukagule mchere. Ndinabwerako ndi matemba. Ndinawawiritsa mpaka kusungunuka, fungo kufika kwa atsibweni, mpaka mphaka wawo anabwera kudzakhala pakhomo. Kagalu kanga ayi. Ndinathyola kamtengo ka tsamba la papaya, kaja kamphako, n'kumakadonthezera msuzi kumbali kwa kamwa. Kanameza madontho atatu, kanayi kanabweza zonse. Kanandiyang'ana ndi maso olowa m'kati, n'kugwedeza nsonga ya mchira kamodzi. Apo ndiye mtima unandiwawa zedi, ndipo ine mtima ukawawa umasanduka mkwiyo.

Kwathu, munthu akakuchitira choipa iwe osamudziwa, umadikira dzuwa lipendeke, anthu onse atabwerako kumunda. Ukatero umaima pabwalo la nyumba yako n'kulalata osatchula dzina, mwini wake amamva yekha. Ine ndinali nditatsimikiza kuti wina wakapatsa chiphe kagalu kanga. Ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kuima.

"Iwe wapatsa kagalu kanga chiphe, tchera khutu! Ukuona ngati amuna anga atachoka, pakhomo pano palibe munthu? Kakulakwira chiyani kanthu kamasiye, kosadziwa n'kuuwa komwe? Nsanje yakoyo ikakuvuta, bwera udzalimbane ndi ine! Ndipo ndikukuuza, tsiku lina udzaulula ndi pakamwa pako pamaso pa anthu, ine ndili pompano!"

Mayi wina amene ankasinja analeka, musi uli m'mwamba. Ndinalowa m'nyumba mtima utapepukako, ndikudziona ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Lachiwiri m'mawa kunabwera atsibweni. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, wokonda kuika manja kumbuyo. Anaima patali ndithu n'kuyang'ana kagalu, dovu likukha. Kenaka anayang'ana mwana wanga, amene ankakwawa chapafupi pomwepo akutola timiyala.

"Munyamule mwanayo," anatero. Nditamunyamula anapitiriza. "Dzulo takumva. Koma ichi si chiphe. Ichi n'chiwewe."

"Atsibweni, sikanalumidwe ndi galu aliyense."

"Make anamenyana ndi fisi. Ukudziwa zimene anabweretsa masiku a m'mbuyomo? Ine ndinanyamulapo munthu pamachila kupita naye kuchipatala ku Madisi atalumidwa ndi galu wotere. Ndinamuona akulira ludzu, koma akamupatsa madzi n'kumawathawa. Sanabwereko. Ndipatse, ndikakataye kudambo."

Ndinayankha zambiri, zina zosayenera kuyankha munthu wamkulu. Ndinati kodi amuna anga akadzabwera ndidzawaonetsa chiyani, dambo? Ndinati aliyense pamudzi pano akufuna kagalu kanga kafe. Amayi ndiwo anandidula, n'kupempha alongo awo kuti andipatseko masiku.

"Mwana akakhale kwa agogo ake," anatero atsibweni pomaliza. "Kagaluka ukatsekere kukhitchini, kasatuluke, ndipo chala chako chisalowe m'kamwa mwake. Loweruka m'mawa ndibwera ndi thumba. Kakadya kokha ine ndikuona, kakhala. Kakakana, usadzandigwire dzanja."

Lero ndikhoza kunena kuti sanalakwe. Mwana anali wanga, ndipo mantha amene anali nawo iwo ndinali nawo inenso, kungoti sindinkafuna kuvomera. Ndinkapita kwa amayi kukayamwitsa nditasamba m'manja kawiri. Koma ndikatsegula chitseko cha kukhitchini, kanthu kaja kankayesa kudzutsa mutu kuti kandilonjere, ndipo sindinkakhulupirira kuti galu wamisala angatero.

Lachitatu ndinakasambitsanso, ndipo poona kuti sikakuchira, madziwo ndinawawonjezera zinyenyeswa. Ena ndinawaza pachisanza chimene kankagonapo. Kenaka ndinathamangira kumunda, poti masamba apansi a fodya anali atapsa, osati odikiranso. Mvula inali itagwa m'bandakucha. Aliyense amadziwa kuti fodya sathyola ali wonyowa, umadikira dzuwa liumitse. Koma ine maganizo anali kukhitchini, ndinati ndithyole msanga ndibwerere. Ndinkathyola n'kumapanira masamba m'khwapa, madzi ake akutsikira m'nthiti, diresi yonse kunyoweratu n'kumamatira pathupi.

Dzuwa lisanafike pamutu, munda unayamba kuzungulira. Malovu anadzaza m'kamwa, ndikalavula ena abwera. Mawondo anayamba kunjenjemera, ndinasanza pakati pa mizere. Mmene ndinafikira kunyumba sindikumbuka bwino. Ndinangodzigwetsa pamphasa pakhomo la khitchini, chitseko chili chotsegula, kagalu kali m'katimo pafupi ndi mutu wanga.

Amayi anandipeza choncho, mwana ali kumsana. Anangonunkhiza diresi yanga n'kudziwa.

"Wathyola wonyowa eti? Mwana wobadwira m'fodya osadziwa kuti fodya amalowera pakhungu? Wakuledzeretsa ameneyu. Ukasamba ndi sopo n'kugona, mawa udzuka." Anabweretsa madzi akumwa, ndinawakankha. Anati andiphikire phala, ndinati ngakhale kulitchula asalitchule. Pamenepo anaima, manja m'chiuno, n'kumayang'ana ine, kuyang'ana kagalu, kenaka anaseka. "Koma abale, taonani awiriwa! Dovu limodzi, kunjenjemera kumodzi, kukana phala kumodzi. Ngati mwadyera mbale imodzi."

Ndinadzutsa mutu. Pafupi ndi chitseko panali chidebe chija, madzi ake ali bii, zinyenyeswa zikuyandama. Ine munthu wamkulu, madzi a pamasamba okha anali atandigwetsa. Nanga kanthu kokwana m'manja awiri, kokamiza m'mawa uliwonse masiku asanu, n'kumadzinyambita?

"Mayo ine," ndinatero. "Amayi, ndi ine."

"Ndiwe chiyani?"

Ndinaloza chidebe. Ndinafotokoza zonse, mawu akutuluka pang'onopang'ono. Amayi anakhala pansi. Ndinkadikira kuti andikalipire, koma mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo anaseka mpaka misozi, mwana kumsana akudabwa. "Ndiye mfiti ija tinkaimva Lolemba ndi imeneyi?" anatero akupukuta m'maso. Ine ndinalira, kulira kwenikweni, chifukwa cha manyazi ndi chisoni pamodzi.

Koma amayi anga anali munthu wa manja. Anatereka madzi, n'kudula sopo wawo amene ankamusunga wa ku tchalitchi. Ndipo tamverani izi: mayi yemwe uja anandinena za dzira anayamba kusambitsa kagalu, ine mwana wawo ndili kwala pamphasa. Anakatsukuluza katatu mpaka fungo la fodya litatha, n'kukakulunga m'chitenje chawo chakale. Chisanza chija anachiponya pamoto, madzi a m'chidebe anakawataya kudzala. Anasinja makala, n'kusungunula m'madzi, n'kukadonthezera ndi kamtengo ka papaya kaja. Atatha zonsezo ndi pamene anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Nawenso dzuka ukasambe."

Lachinayi ndinadzuka mutu uli wopepuka, monga ananenera. Kagalu nako kanali katasiya kunjenjemera, dovu litachepa. Tsiku limenelo kumunda sindinapite. Ndinakhala padzuwa pakhomo la khitchini, kali pamiyendo panga, n'kumatola utitiri umodziumodzi ndi zala, kuuphwanya pazikhadabo. Ntchito yotopetsa, koma ndinaikonda. Mphepo inkawomba pang'ono kuchokera kuphiri, chimanga chikuwayula m'munda wa amayi, ndipo kanthu kaja kankapuma bwino, nthiti zikukwera n'kutsika pansi pa dzanja langa. Ndinkakadonthezera madzi a phala pang'onopang'ono, ndipo sikanabweze.

Lachisanu kanaimirira, kanayenda mapazi anayi, n'kukhala pansi modabwa. Ndinaombera m'manja ndekhandekha ngati wamisala. Koma kudya kokha ayi. Ndikakaikira mbale, kankainunkhiza n'kubwerera m'mbuyo, ngati kakukumbukira kuti chilichonse cholowa m'mimba chimabwerera. Kanali katatsala mafupa okhaokha.

"Pita ukawauze atsibweni ako," anatero amayi madzulo ake. "Akadziwa kuti ndi fodya, akuonjezera masiku."

"Ndikawauze kuti chiyani? Nditatukwana mudzi wonse?"

"Ndiye ukufuna kafere manyazi ako?"

"Kadya mawa," ndinayankha mouma khosi. Ndinkafuna kuti kadye, atsibweni abwerere ndi thumba lawo, nkhani ya chiphe izilale yokha popanda wondifunsa. Amayi anangondiyang'ana n'kupita.

Loweruka m'mawa, mame asanaume, ndinaona atsibweni akukwera kuchokera kumunsi, thumba la chiguduli lili paphewa. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, ndipo amayi ena atatu ochokera kuchitsime anatula ndowa zawo pafupi ndi nkhokwe yanga ngati akupumula. Sankapumula amenewo, ndinkawadziwa.

Ndinatulutsa kagalu n'kukaika pakhonde. Ndinali nditaphika phala losalala, lothira matemba osinja, loti ngakhale ine ndikanadya. Ndinakankhira mbale patsogolo pake. "Idya, bambo," ndinakanong'oneza. "Idya, ndakupemphera."

Kanayandikira, kananunkhiza. Kanayang'ana ine. Kenaka kanatembenuka n'kugona, mutu pa timiyendo take toyera tija.

Atsibweni anatsitsa thumba paphewa, n'kuwerama kuti alimasule kukamwa. Pamenepo manyazi onse anandithera.

"Atsibweni, dikirani. Si chiwewe. Ndi fodya."

"Wati chiyani?"

"Ndimakasambitsa madzi a fodya. Chifukwa cha utitiri. Ndi amene akadwalitsa."

Anaweramuka, n'kuika dzanja kukhutu. "Makutu anga akalamba, mwana wa mlongo wanga. Lolemba lija ndinakumva bwinobwino ndili kukhola. Talankhula ndi mawu omwe aja."

Ndinayang'ana amayi anga, amene anali atafika nawonso. Anali akuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. Ndinamanga chitenje m'chiuno, n'kutsika pakhonde kukaima pamalo pomwe paja.

"Anthu inu, tamverani! Wopatsa kagalu kanga chiphe uja wapezeka! Ndi ine! Ndimakasambitsa fodya ndi manja angawa! Palibe wina anandilakwira pamudzi pano. Ndinakutukwanani pachabe, pepani!"

Amayi a kuchitsime aja anagwirana mapewa ndi kuseka. Mmodzi analuluta. Nkhope yanga inkatentha ngati ndayandikira ng'anjo, koma maso anga anali pathumba, poti atsibweni anali atalowetsamo dzanja.

Anatulutsamo botolo la chambiko, mkaka wowawasa wa ng'ombe zawo, lotseka ndi chitsononkho.

"Amako anandiuza Lachinayi," anatero, akutsegula. "Mudzi wonse ukudziwa kuyambira tsiku limenelo. Timangodikira kuti mwini wake aulule ndi pakamwa pake pamaso pa anthu, monga unatilonjezera."

Atsibweni anagwada pakhonde, mawondo akulira, n'kuthira chambiko m'phale. "Kamwana kotere kakadwala sikafuna matemba," anatero. "Kakufuna fungo la make."

Kagalu kanagwedeza mphuno. Kanadzuka mwaulesi, n'kupita kuphale kakudzandira. Kananyambita kamodzi, n'kuima ngati kakudikira kuti mimba inene maganizo ake. Kananyambitanso. Kenaka kanaponda m'phalemo ndi phazi limodzi, n'kuyamba kukhapira mwaphokoso, chambiko chikuthovokera m'maso. Atsibweni anatapa phala langa lija ndi chala n'kusakaniza ndi zotsalazo, ndipo nalonso kanalimaliza, n'kumakankha phale ndi mphuno mpaka kukhoma.

"Galu wa chiwewe samwa chonchi," anatero atsibweni. Anatambasula dzanja, kagalu n'kuwanyambita zala.

Ine ndinangokhala pansi pomwepo, misozi ikutsika, ndikuseka. Ndinali wokondwa kuposa tsiku lililonse chichokereni amuna anga.

Atsibweni anakutumula thumba lija, analipinda kanayi, n'kuliyala pangodya ya khonde pamene pankafika dzuwa la m'mawa. Ananyamula kagalu ndi dzanja limodzi n'kukagoneka pamenepo. "Botolo ubweze," anatero, "mawa udzatengenso china." Anaika manja kumbuyo n'kutsetserekera kwawo.

Galu ameneyo anagona pathumba limenelo mpaka linatha n'kusanduka ulusi. Anakula wamkulu, wa chifuwa chotakata, ndipo anyani anasiya kulowa m'munda mwathu. Chigafa chokha ndicho sankachiyandikira, ankachizungulira patali.

Amuna anga anabwera patapita zaka ziwiri, masana, atanyamula sutikesi pamutu. Galu anawaimitsa pabwalo, ubweya wa pamsana utaima, osawalola kuponda khonde. Anayesa kumuimbira likhweru, anayesa kumunyengerera, osatheka. Ndinawasiya kaye pang'ono ataima padzuwapo, ndikuonerera pazenera. Kenaka ndinatuluka, n'kugwira galu pakhosi.

"Asiye," ndinamuuza. "Ndi apakhomo pano. Ndiwo anati ndikusunge."